Anthu osaona ndi makompyuta: mbiri yomenyera ufulu wowerenga za pa sikirini

Munthu wosaona akafuna kugwiritsa ntchito kompyuta kapena foni yamakono amadalira pulogalamu imene imamuwerengera mokweza zolembedwa pa sikirini, kapena kuzisandutsa zilembo za Braille zoti aziwerenge ndi zala. Pa Chingerezi pulogalamuyi amaitcha screen reader. Ndi pulogalamu imeneyi munthu wosaona amatha kulemba kalata, kuwerenga nyuzipepala, kutumiza ndalama, kufunsira ntchito ngakhalenso kupanga mapulogalamu ena a kompyuta popanda womugwira dzanja.

Komabe pulogalamuyi ili ndi malire. Imawerenga zokhazo zimene opanga tsamba la pa intaneti kapena pulogalamu ina adazikonza m'njira yoti ziwerengeke. Batani lopanda dzina, chithunzi chopanda mawu ochifotokozera kapena fomu yongoyendera mausi zimamutsekera kunja munthu wosaona ngakhale atakhala ndi makina odula chotani. N'chifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1980 anthu osaona akhala akulimbana ndi makampani komanso maboma kuti zinthu zizipangidwa mowaganizira. Mbiri ikusonyeza kuti zambiri zomwe zasintha zidabwera chifukwa cha eni vutolo. Ena adapanga okha mapulogalamu, ena adakasuma ku makhothi, ndipo ena adakhala nawo pa zokambirana zolemba malamulo ndi mapangano.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ochuluka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization lidalengeza mu 2019 kuti anthu osachepera 2.2 biliyoni ali ndi vuto la maso, ndipo kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya Lancet Global Health adapeza kuti mu 2020 anthu pafupifupi 43 miliyoni adali osaona. Ambiri mwa iwo amakhala m'mayiko omwe akutukuka kumene.

Momwe pulogalamuyi imagwirira ntchito

Pulogalamu yowerenga za pa sikirini siiona sikirini monga momwe diso limaonera. Imafunsa kompyuta za chinthu chilichonse chomwe chili pamenepo: dzina lake, mtundu wake ndi momwe chilili panthawiyo. Kompyuta ikayankha kuti ili ndi batani lotumizira uthenga, kapena kuti aka ndi kabokosi kolembamo dzina ndipo mulibe kanthu, pulogalamuyo imapereka yankholo ku makina otulutsa mawu ndipo mwini kompyuta amamva.

Munthu wosaona sagwiritsa ntchito mausi chifukwa saona pomwe kamuvi kaloza. Amayendetsa zonse ndi kiyibodi. Pa mapulogalamu odziwika monga JAWS ndi NVDA, akadina chilembo cha H amadumpha kuchoka pa mutu wina wa nkhani kupita pa wina, ndipo batani la Tab limamufikitsa pa linki kapena kabokosi kotsatira. Motero safunika kumvetsera tsamba lonse kuyambira pamwamba. Amalisanthula monga momwe woona amaponyera maso pa nyuzipepala. Ozolowera amakweza liwiro la mawu moti mlendo sangatolepo kanthu. Pa foni yopanda mabatani munthu amayendetsa chala pagalasi, foniyo n'kumatchula chomwe wakhudza, ndipo akapeza chomwe akufuna amagogoda kawiri.

Palinso kachipangizo ka Braille kolumikiza ku kompyuta, komwe kali ndi timisomali totumphuka ndi kulowa timene timapanga zilembo za mzere umodzi panthawi imodzi. Zilembozi ndi zomwe adayambitsa a Louis Braille a ku France, amene adafalitsa njira yawo ya madontho 6 m'chaka cha 1829. Kachipangizoka n'kofunika kwambiri kwa anthu omwe saona komanso samva, ndiponso kwa aliyense wofuna kudziwa kalembedwe kenikeni ka mawu, koma mtengo wake ndi wokwera.

Vuto limabuka pamene kompyuta ilibe choyankha. Wopanga tsamba akaika kachithunzi m'malo mwa mawu osakapatsa dzina, wosaona amangomva kuti pali batani, osadziwa ngati ndi lolipirira kapena lofufutira. Mitu ikangolembedwa m'zilembo zikuluzikulu popanda kusonyeza m'khodi kuti ndi mitu, chilembo cha H sichipeza podumphira. Chikalata chikajambulidwa pa sikana n'kuikidwa pa intaneti ngati chithunzi, chimafanana ndi pepala losalembedwa kanthu kufikira munthu atachipititsa m'pulogalamu ina yozindikira zilembo, yomwenso imalakwitsa. Zolakwika zoterezi sizioneka kwa munthu woona, n'chifukwa chake zimatha zaka osakonzedwa.

Chiyambi chake

M'chaka cha 1986 kampani ya IBM ku America idatulutsa pulogalamu yotchedwa IBM Screen Reader. Adaitsogolera ndi katswiri wa masamu a Jim Thatcher, omwe adayamba ntchitoyi limodzi ndi mnzawo wosaona a Jesse Wright. Panthawiyo makompyuta ambiri ankayendera DOS, momwe sikirini inkaonetsa mawu okhaokha, m'mizere 25 ya zilembo 80. Kuwerenga sikirini yotere kudali kosavuta, ndipo anthu osaona ophunzira adapeza mwayi wa ntchito za m'maofesi zomwe kale sankazilota.

Mmodzi mwa anthu omwe adatchuka m'nyengoyi ndi a Ted Henter, omwe adali katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto asadachite khungu pa ngozi ya galimoto mu 1978. Iwo adaphunzira kupanga mapulogalamu, ndipo mu 1989 kampani yawo ya Henter-Joyce ya ku Florida idatulutsa JAWS, dzina lomwe ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za kupeza ntchito kudzera m'mawu olankhulidwa. Mu 2000 kampaniyi idaphatikizana ndi ena awiri n'kupanga Freedom Scientific.

Pamene zithunzi zidalowa m'malo mwa mawu

Mwayi wa nthawi ya DOS sudakhalitse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 maofesi adayamba kusamukira ku Windows, momwe munthu amaloza tizithunzi ndi mausi m'malo molemba malamulo. Kwa anthu oona kumeneku kudali kupita patsogolo, koma kwa wosaona sikirini idasanduka chithunzi chimodzi chachikulu chopanda powerenga. Ogwira ntchito ambiri osaona adayamba kuopa kuti achotsedwa. Opanga mapulogalamu owerenga adayesa kulondola zomwe kompyuta ikujambula pa sikirini n'kumaganizira tanthauzo lake, koma njirayi inkalephera kawirikawiri.

Mabungwe a anthu osaona ku America adakadandaula ku kampani ya Microsoft, ndipo bungwe lolangiza boma la National Council on Disability lidalowererapo mu 1994. Chomwe chidagwedeza kampaniyi kwambiri ndi pamene akuluakulu a zigawo zina monga Massachusetts adaopseza kuti boma lawo silidzagula Windows 95 ngati vutolo silikonzedwa. JAWS yoyendera Windows idatuluka mu Januwale 1995, ndipo mu 1997 Microsoft idatulutsa Active Accessibility, njira yoti mapulogalamu aziuza okha pulogalamu yowerenga dzina ndi ntchito ya chinthu chilichonse cha pa sikirini.

Phunziro lomwe omenyera ufuluwo adatolapo ndi lakuti kampani imamva msanga wogula wamkulu akalankhula. Mu 1998 nyumba ya malamulo ya dziko la America idalimbitsa gawo la lamulo lodziwika kuti Section 508, lomwe limakakamiza nthambi za boma kugula ndi kupanga zipangizo zamakono zoti anthu olumala azitha kugwiritsa ntchito. Popeza boma limagula makompyuta ndi mapulogalamu ochuluka zedi, makampani adaona kuti kunyalanyaza anthu osaona n'kutaya msika.

Intaneti ndi milandu ya kukhothi

Intaneti itafala, nkhondoyi idasamukira kumeneko. Bungwe la World Wide Web Consortium, lodziwika mwachidule kuti W3C, lomwe limakonza mfundo zoyendetsera masamba a pa intaneti, lidakhazikitsa nthambi yoona za anthu olumala mu 1997. Pa 5 Meyi 1999 lidatulutsa malangizo otchedwa WCAG, omwe adakonzedwanso mu 2008, 2018 ndi 2023. Mwa zina malangizowa amati chithunzi chilichonse chofunika chikhale ndi mawu ochifotokozera, chilichonse chochitika ndi mausi chizithekanso ndi kiyibodi, ndipo kabokosi kalikonse ka pa fomu kakhale ndi dzina. Koma malangizo si lamulo, choncho eni masamba ambiri adangowanyalanyaza mpaka nkhani zidafika ku makhothi.

Mlandu woyamba kumveka padziko lonse udachitikira ku Australia. A Bruce Maguire, omwe adabadwa osaona, adadandaula mu 1999 ku bungwe loona za ufulu wa anthu kuti tsamba la masewero a Olympics a ku Sydney silinkawerengeka, makamaka ndandanda ya masewero ndi zotsatira zake. Komiti yokonza maseweroyo idati kukonza tsambalo kudya ndalama zambiri ndi nthawi yaitali, koma mu Ogasiti 2000 bungwelo lidagamula kuti a Maguire adasalidwa motsutsana ndi lamulo la 1992. Komitiyo italephera kukonza zonse zomwe idalamulidwa, idauzidwa kupereka chipukutamisozi cha madola 20,000 a ku Australia.

Ku America bungwe la National Federation of the Blind, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1940 ndipo limatsogoleredwa ndi anthu osaona eni ake, lidasumira kampani ya America Online mu 1999, ndipo mbali ziwirizi zidagwirizana kunja kwa khothi chaka chotsatira. Mu 2006 bungweli lidasumiranso kampani ya masitolo ya Target chifukwa makasitomala osaona sankatha kugula katundu pa tsamba lake. Kampaniyo idati lamulo la 1990 loteteza anthu olumala limanena za nyumba zenizeni basi, koma woweruza adalola kuti mlanduwo upitirire pa mbali zomwe tsambalo limalumikizana ndi masitolo. Mu 2008 Target idavomera kukonza tsamba lake ndi kupereka madola 6 miliyoni kwa odandaula.

Ku Canada mayi Donna Jodhan adasumira boma lenilenilo atalephera kufunsira ntchito ndi kulemba fomu ya kalembera wa anthu pa masamba a boma. Mu Novembala 2010 khothi lidagamula kuti ufulu wawo wosasalidwa udaphwanyidwa ndipo lidapatsa boma miyezi 15 kuti likonze masamba ake. Patapita zaka, a Guillermo Robles a ku California adasumira kampani ya Domino's chifukwa cholephera kuitanitsa chakudya pa tsamba ndi pa pulogalamu yake ya pafoni. Khothi la apilo lidawakomera mu Januwale 2019, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho khothi lalikulu la dzikolo lidakana kumva apilo ya kampaniyo.

Mayiko a mu European Union adasankha kuika nkhanizi m'malamulo. Lamulo lawo la 2019, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 28 Juni 2025, likukhudza mabanki, malonda a pa intaneti, mabuku a pa kompyuta, mafoni ndi makina otapira ndalama.

Nkhani ya mtengo

Kwa zaka zambiri pulogalamu yabwino yowerenga za pa sikirini inkagulidwa pa mtengo wa madola 1,000 a ku America kapena kuyandikira pamenepo, nthawi zina kuposa mtengo wa kompyuta imene. M'mayiko olemera boma kapena olemba ntchito ankalipira, koma kwa mwana wa sukulu wosaona wa m'dziko losauka ndalamazo zidali zosafikirika.

Zinthu zidasintha mu Epulo 2006 pamene mnyamata wosaona wa ku Australia, a Michael Curran, adayamba kulemba pulogalamu yaulere yotchedwa NVDA. Mnzawo wosaonanso a James Teh adagwirizana nawo, ndipo mu 2007 adakhazikitsa bungwe losafuna phindu la NV Access. Khodi ya NVDA ndi yotseguka, kutanthauza kuti aliyense wodziwa angathe kuiona, kuikonza kapena kuimasulira, ndipo anthu ongodzipereka aimasulira m'zinenero zoposa 50. Munthu angathenso kuiika pa fulashi n'kukaigwiritsa ntchito pa kompyuta ya kusukulu kapena ya ku laibulale popanda kusintha chilichonse pa makinawo.

Makampani akuluakulu nawonso adayamba kuika mapulogalamu otere m'zipangizo zawo popanda malipiro apadera. Apple idaika VoiceOver m'makompyuta ake a Mac mu 2005. Foni ya iPhone itatuluka mu 2007 yopanda mabatani oimbira, anthu osaona adaona ngati tsoka la nthawi ya Windows labwereranso, koma mu Juni 2009 kampaniyo idaika VoiceOver mu iPhone 3GS. Chaka chomwecho Google idatulutsa TalkBack ya mafoni a Android, ntchito yomwe adathandiza kuitsogolera ndi katswiri wosaona wobadwira ku India a T.V. Raman. Ogwiritsa ntchito Linux ali ndi Orca, ndipo Windows ili ndi Narrator. Lero foni iliyonse ya Android kapena iPhone ingathe kulankhula, ngakhale ogulitsa ambiri sadziwa potsegulira.

Zopinga zomwe zikadalipo

Kutsika kwa mtengo sikudathetse vuto la masamba opangidwa mosasamala. Bungwe la WebAIM la pa yunivesite ya Utah State ku America limayeza chaka ndi chaka masamba oyamba a mawebusaiti 1 miliyoni otchuka kwambiri. Mu 2024 lidapeza kuti masamba pafupifupi 96 mwa 100 alionse adali ndi zolakwika zotsutsana ndi malangizo a WCAG. Oposa theka adali ndi zithunzi zopanda mawu ozifotokozera, ndipo pafupifupi theka adali ndi timabokosi ta mafomu topanda mayina. Zimenezi ndi zolakwika zongopezedwa ndi makina, kusiyapo zomwe zimadziwika pokhapokha munthu wosaona atayesa yekha.

Pa kafukufuku wina wa bungwe lomweli, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 2024, anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse adati amadalira JAWS ndipo ocheperapo pang'ono adati amadalira NVDA. Atafunsidwa chomwe chimawasautsa kwambiri adatchula CAPTCHA, mayeso aja ofuna kuti munthu alembe zilembo zopindikapindika kapena asankhe zithunzi pofuna kutsimikiza kuti si makina. Bungwe la W3C lidachenjeza kale mu 2005 kuti mayesowa amatsekereza anthu olumala.

Mkangano wina udabuka chifukwa cha makampani ogulitsa kapulogalamu koika pamwamba pa tsamba, komwe amati kamakonza zokha zolakwika zonse. Anthu osaona ambiri adadandaula kuti timapulogalamu totere sitikonza gwero la vuto ndipo nthawi zina timasokoneza pulogalamu yowerenga. Mu 2021 National Federation of the Blind idakana thandizo la ndalama lochokera ku imodzi mwa makampaniwa, ya accessiBe, ndipo mu 2025 bungwe la boma la America loteteza ogula la Federal Trade Commission lidalamula kampaniyo kulipira dola 1 miliyoni chifukwa chokokomeza zomwe katundu wake angachite.

Zipangizo za nzeru zopangidwa ndi makina zabweretsa thandizo latsopano. Facebook idayamba kufotokoza yokha zithunzi mu 2016, Microsoft idatulutsa Seeing AI mu 2017, ndipo pulogalamu ya Be My Eyes, yomwe adayambitsa ndi a Hans Jørgen Wiberg a ku Denmark mu 2015 kuti ilumikize osaona ndi anthu ongodzipereka, idawonjezera luso lofotokoza zithunzi mu 2023. Ngakhale zili choncho, makinawa amangoganizira ndipo amalakwitsa. Sangadziwe motsimikiza ngati batani lopanda dzina pa tsamba la banki ndi lotumizira ndalama kapena loletsera. Wodziwa ndi yemwe adalipanga.

Mapangano a mayiko ndi chigawo cha kumwera kwa Africa

Pa 13 Disembala 2006 bungwe la United Nations lidavomereza pangano la ufulu wa anthu olumala, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 3 Meyi 2008. Ndime 9 ya panganoli imaika njira zofalitsira mauthenga, kuphatikizapo intaneti, pamodzi ndi nyumba, misewu ndi zoyendera monga zinthu zomwe boma liyenera kuonetsetsa kuti anthu olumala akuzifikira. Dziko la South Africa lidavomereza panganoli mu 2007, Malawi mu 2009, Zambia mu 2010, Mozambique mu 2012 ndipo Zimbabwe mu 2013. Bungwe la African Union lidakhazikitsanso pangano lake la ufulu wa anthu olumala mu 2018, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2024.

Chigawochi chili ndi mbiri yakeyake pa nkhondoyi. Mfundo yodziwika padziko lonse yakuti nkhani yokhudza anthu olumala isamagamulidwe iwo kulibe idafala kwambiri wolemba wa ku America a James Charlton ataimva mu 1993 kwa atsogoleri awiri a ku South Africa, a Michael Masutha ndi a William Rowland. A Rowland, omwe adali osaona, adadzakhala mtsogoleri wa bungwe la World Blind Union kuyambira 2004 mpaka 2008.

Bungwe limeneli ndi lomwe lidatsogolera kampeni yothetsa chomwe lidachitcha njala ya mabuku. Pulogalamu yowerenga siingawerenge buku la papepala, ndipo m'mayiko ambiri kusandutsa buku kuti likhale la pa kompyuta, la Braille kapena lomvetsera kunkafuna chilolezo cha mwini bukulo. World Blind Union inkati mabuku osakwana 10 mwa 100 alionse ndi omwe ankapezeka m'njira zoti osaona awerenge, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerocho chidali chotsika kwambiri. Pa 27 Juni 2013 mayiko adagwirizana pangano la Marrakesh ku Morocco, lomwe limalola mabungwe ovomerezeka kupanga makope otere popanda kupempha chilolezo ndi kuwatumizirana pakati pa mayiko. Lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2016. Dziko la Botswana lidalowa m'panganoli mu 2016, Malawi mu 2017 ndipo Zimbabwe mu 2019.

Ku South Africa nkhaniyi idakathera kukhothi. Bungwe la Blind SA, mothandizidwa ndi maloya a SECTION27, lidatsutsa lamulo la 1978 loteteza umwini wa zolembalemba. Pa 21 Sepitembala 2022 khothi loona za malamulo aakulu a dzikolo lidagamula kuti lamulolo limasala anthu osaona powakakamiza kupempha chilolezo chomwe owerenga ena safunika kupempha, ndipo lidapatsa nyumba ya malamulo miyezi 24 kuti ilikonze.

Chinenero ndi mafoni

Kwa wosaona wa m'chigawo chino pali zopinga ziwiri zowonjezera. Choyamba ndi chinenero. Makina otulutsa mawu amatsatira malamulo a katchulidwe ka chinenero chomwe adapangidwira. Olankhula Chingerezi, Chipwitikizi ndi Chifalansa ali ndi mawu ambiri oti asankhepo, ndipo eSpeak, makina aulere omwe amabwera ndi NVDA, ali ndi mawu a Chiswahili ndi Chiafrikaans. Ku South Africa bungwe la kafukufuku la CSIR lidapanga mawu a zinenero za dzikolo. Koma munthu yemwe makina ake alibe mawu a Chichewa amamva nkhani ya Chichewa ikutchulidwa ngati Chingerezi. Mawu akuti "kale" amamveka ngati dzina la ndiwo zamasamba za ku Ulaya, ndipo akuti "make" amamveka ngati liwu la Chingerezi lonena za kupanga. Wozolowera amatha kutolapo tanthauzo, koma kwa mwana wongoyamba kuphunzira kumeneku n'kuwonjezera katundu pa katundu.

Chachiwiri ndi momwe ntchito za ndalama zimayendera pafoni. Anthu ambiri amatumiza ndalama, kugula magetsi ndi kulipira fizi podina manambala otsatizana, ndipo ndondomekoyi imatsekeka yokha munthu akachedwa kuyankha. Womvetsera mndandanda wonse asadasankhe angathe kutsekeredwa asadamalize. Mafoni ang'onoang'ono otsika mtengo nthawi zambiri salankhula n'komwe, ndipo makina olipirira m'masitolo opanda mabatani okhudzika samupatsa wosaona njira yolembera nambala yake yachinsinsi. Mapeto ake munthu amaulula nambalayo kwa wachibale, kwa wogulitsa kapena kwa mlendo, ndipo chitetezo cha ndalama zake chimakhala m'manja mwa ena.

Mabungwe olankhulira anthuwa alipo, monga Malawi Union of the Blind, South African National Council for the Blind, African Union of the Blind lomwe likulu lake lili ku Nairobi, ndi Southern Africa Federation of the Disabled. Mayiko a Malawi ndi Zambia adakhazikitsa malamulo okhudza anthu olumala mu 2012, ndipo Malawi idabweretsa lina latsopano mu 2024. Kum'mawa kwa Africa, dziko la Kenya lidakhazikitsa mu 2022 mlingo wakewake woyezera ngati zipangizo ndi ntchito za pa kompyuta zikufikirika kwa anthu olumala.

Zomwe akupempha

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pa nkhaniyi anthu osaona akhala akutsekula okha kwa zaka pafupifupi 40. Zomwe amapempha zasintha pang'ono chabe m'nyengo yonseyi. Akufuna kuti boma lisamagule kapena kupangitsa tsamba, pulogalamu kapena makina omwe wosaona sangagwiritse ntchito, ndipo mfundoyi izilembedwa m'mgwirizano ndi kampani yopatsidwa ntchitoyo. Akufuna kuti malamulo azitchula mlingo weniweni monga WCAG, komanso kuti pakhale ofesi yolandira madandaulo yokhala ndi mphamvu zolamula kuti zolakwika zikonzedwe. Akufuna kuti zikalata za boma, zotsatira za mayeso ndi zidziwitso za ntchito ziziikidwa pa intaneti ngati mawu owerengeka m'malo mwa zithunzi za pa sikana. Akufunanso kuti sukulu zophunzitsa za makompyuta ziziphunzitsa nkhaniyi, kuti papangidwe mawu a makina a zinenero za m'chigawochi, ndiponso kuti anthu osaona azilembedwa ntchito yoyesa zinthu zisadatulutsidwe.

Akatswiri amagwirizana kuti kukonza tsamba likadali kupangidwa n'kotsika mtengo kusiyana ndi kulikonza litatha. Mwini tsamba aliyense angathe kudziyesa yekha lero lomwe popanda kulipira kanthu: achotse mausi, atsegule NVDA, Narrator kapena TalkBack, azimitse sikirini, kenaka ayese kulemba fomu yake kuyambira pachiyambi mpaka pa batani lotumizira. Pomwe iye angakakamire ndi pomwe kasitomala, wophunzira kapena wofunsira ntchito wosaona amabwererapo tsiku ndi tsiku.